Kutsata NULL Mpaka Kwawo

Pologalamu yolembedwa m'chinenero cha C ikamafa, siitsanzika. Pa sikirini pamangotuluka mawu awiri, Segmentation fault, ndipo ukafunsa nambala imene yatuluka nayo umapeza 139. Nambalayi ndi 128 kuphatikiza 11, ndipo 11 ndi SIGSEGV, chizindikiro chimene Linux imatumiza kwa pologalamu yomwe yagwira malo a mu memory omwe si ake. Wophunzira kumene akaona mawu awiriwa nkhongono zimamuthera, n'kuyamba kumwaza printf paliponse kuti aone pamene pologalamu yafika. Koma alipo anthu amene amati akawaona amakoka mpando n'kukhazikika, chifukwa kwa iwo pologalamu yakufayo yanena kale zambiri. Ntchito ya anthu amenewa ndimaisirira, makamaka akakumana ndi vutoli mkati mwa hash table, mmene NULL amapezeka ponseponse ndipo nthawi zambiri amakhala wosalakwa.

Hash table ndi njira yosungira zinthu kuti uzipeze msanga. Uli ndi mayina a anthu zikwizikwi, ndipo sukufuna kuwawerenga onse pofuna limodzi. Dzina lililonse, limene amalitcha kiyi, umalidutsitsa m'kasamu kena kamene kamatulutsa nambala. Nambalayo umaigawa ndi kuchuluka kwa timabokosi timene wakonza, ndipo yotsalayo ndi imene imakuuza kabokosi koikamo dzinalo. Makiyi awiri akagwera m'kabokosi kamodzi amalumikizidwa pa tcheni: woyamba amasunga adiresi ya wachiwiri, wachiwiri ya wachitatu. Chosunga adiresicho ndiye pointer, ndipo pointer yosaloza kulikonse ndiye NULL, imene pa makina a masiku ano ndi ziro. Hans Peter Luhn wa ku IBM analemba za nzeru imeneyi mu 1953, ndipo buku la Kernighan ndi Ritchie lophunzitsa C lili ndi chitsanzo chake cha timabokosi 101, chimene anthu osawerengeka anaphunzirirapo.

Vuto lake n'loti ziro mmodziyu wasenzetsedwa ntchito zambiri. Kabokosi kopanda kanthu ndi NULL. Mapeto a tcheni ndi NULL. Ukafunsa kiyi imene mulibe, yankho ndi NULL. Memory ikatha, malloc, fankishoni yopempha memory, amabweza NULL. Nthawi zina ngakhale chinthu chimene munthu anasunga dala pansi pa kiyi chimakhala NULL, kotero kuti yankho loti mulibe ndi loti chilimo koma n'chopanda kanthu amamveka chimodzimodzi. Pologalamu ikafa chifukwa cha ziro, mmisiri sakhutira ndi kumva kuti NULL analipo. Amafuna kudziwa kuti ndi NULL uti mwa onsewa.

Apa ndi pamene ndimagoma nawo, chifukwa asanatsegule n'komwe fayilo ya khodi amayamba awerenga adiresi imene pologalamu yafera. Linux imalemba mzere m'kaundula wake, umene umaoneka ukalemba dmesg, wonena kuti segfault at 10, kenako manambala ena, kumapeto error 4. Wosadziwa amadutsa. Mmisiri amadziwa kuti 10 ameneyu walembedwa m'kawerengedwe ka hexadecimal, choncho ndi 16. Amadziwanso kapangidwe ka node, kachidutswa kamodzi ka tcheni: poyamba pali pointer ya kiyi, kenako ya chinthu chosungidwa, kenako ya node yotsatira. Pa makina a 64-bit pointer iliyonse imatenga ma byte 8, ndiye kiyi ili pa 0, chosungidwa pa 8, yotsatira pa 16. Purosesa ikauzidwa kuwerenga n->next imatenga adiresi imene ili mu n, pointer ya node, n'kuwonjezera 16. Ngati n anali ziro, yankho ndi 16. Ndiye kuti manambala awiri okhawo anena kuti wina amayenda pa tcheni ndipo anaponda kupitirira mapeto. Akanakhala 8, nkhani ikanakhala ina: wina anafunsa kiyi, anayankhidwa kuti mulibe, koma iye anangotambasula dzanja kuti atenge chosungidwacho. Akanakhala 1f8, amene ndi 504, mmisiri akanagawa ndi 8 n'kupeza 63, n'kudziwa kuti mndandanda wonse wa timabokosi sunakonzedwe n'komwe ndipo wina amafuna kabokosi nambala 63. Error 4 akutanthauza kuwerenga. Akanakhala 6, ndiye kuti amalemba.

Zonsezi zimatheka chifukwa makina ambiri a Linux amasiya dala ma byte oyambirira 65,536 a memory osapatsidwa kwa aliyense, kuti wogwira ziro kapena pafupi ndi ziro agwidwe pomwepo. Ndiye adiresi yaing'ono ndi ya NULL. Ikakhala yaikulu, diso lozolowera limaiyang'ananso mwanjira ina. Nambala ngati 6977616c614d kwa ine poyamba ndi chipwirikiti chabe, koma wozolowera amaonamo 61 kawiri, amadziwa kuti 61 ndi chilembo a, amawerenga chobwerera manambala awiriawiri n'kupeza mawu oti Malawi. Pointer yalembedwapo dzina la kiyi, ndipo vutolo si la NULL ayi, ndi la wina amene analemba kupyola malire a malo ake.

Akatero ndiye amatsegula gdb, chida chimene Richard Stallman anayamba kulemba mu 1986 ndipo mpaka lero chikugwirabe ntchito. Amamanganso pologalamu ndi -g kuti mayina a zinthu aoneke, ndi -O0 kuti compiler isasokoneze dongosolo la mizere. Amalemba bt kuti aone mndandanda wa amene anaitana mnzake mpaka kufika pangozi, amakwera ndi frame, amasuzumira ndi print. M'mphindi zochepa mzere wolakwa uli pamaso pake. Ndipo apa ndi pamene chiyeso chimabwera.

Chiyesocho n'choti ungolemba if (n != NULL) pamwamba pa mzerewo. Pologalamu siifanso, bwana wasangalala, aliyense apite kwawo. Mmisiri amakana, ndipo kukana kumeneku ndiko kumamusiyanitsa ndi ena onse odziwa malamulo a gdb. Denga la malata likamadontha, pamene madzi akugwera si pamene pali chibowo. Madzi amalowa pamsomali wina kumtunda, n'kuyenderera pamtengo wa denga, n'kudzagwera pakona ina. Ukaika beseni pansi, pabalaza pauma, koma mtengo ukuwolabe. Mzere umene pologalamu yafera ndi pamene NULL wawerengedwa. Funso limene mmisiri amadzifunsa n'lakuti: kodi wolemba mzerewu anali ndi chifukwa chokhulupirira kuti apa sipangakhale NULL? Ngati analibe, if uja ndi mankhwala oyenera, ndipo pamafunikanso kuganiza chochita kiyi ikasowa. Koma ngati anali nacho, ndiye kuti lonjezo lina laphwanyidwa kwinakwake, ndipo if angobisa umboni. Pologalamu imene imafa mofuula yasanduka pologalamu imene imataya zinthu za anthu mwakachetechete.

Ngakhale if woyenera ali ndi malo ake. Mu 2009, mu Linux 2.6.30, m'gawo lotchedwa tun munali khodi imene imawerenga tun->sk kaye, kenako n'kufunsa ngati tun ndi NULL. Compiler ya GCC inaganiza motere: pointer iyi yawerengedwa kale, ndipo malamulo a C salola kuwerenga NULL, choncho singakhale NULL, choncho funsoli n'lopanda ntchito. Inalichotsa. Pa pepala chitetezo chinalipo, m'makina munalibe, ndipo Brad Spengler anasonyeza mmene munthu angalandire makina onse podzera pamenepo. Kuyambira nthawi imeneyo Linux imamangidwa ndi lamulo loletsa compiler kuchotsa mafunso otere. Mmisiri wodziwa nkhaniyi akaona khodi imene ikuoneka yotetezedwa koma ikufabe, amayang'ana mizere ya pamwamba pa if, ndipo akakayika amawerenga malangizo enieni amene compiler yatulutsa.

Tiyeni titsate nkhani imodzi mpaka kumapeto, ya mtundu umene aliyense wolemba hash table yake amakumana nawo. Pologalamu yafera pa adiresi 8. Mzere wake ukufunsa kiyi ya kasitomala n'kutenga chosungidwa osayang'ana yankho. Koma wolembayo sanali wosasamala: kiyiyo inaikidwa m'tebulo m'mawa, palibe anaichotsa, iyenera kukhalamo. Mmisiri amafunsa tebulo kuti lili ndi zinthu zingati, tebulo limati 1,000. Kenako amayenda yekha kabokosi ndi kabokosi, tcheni ndi tcheni, n'kupeza zochepera. Zina zasowa popanda wozichotsa.

Chimene amachita pamenepa chimaoneka ngati kuchedwa. Amasiya kusaka n'kulemba kafankishoni katsopano kamene ntchito yake n'kufunsa tebulo mafunso amene yankho lake liyenera kukhala inde nthawi zonse. Kodi ma node onse ukawawerenga akufanana ndi nambala imene tebulo likunena? Kodi node iliyonse ili m'kabokosi kamene kiyi yake ikuloza? Kodi tcheni chilichonse chili ndi mapeto? Amakaitana pambuyo pa kuika kulikonse, kuchotsa kulikonse, kukulitsa kulikonse, ndipo funso limodzi likangoyankhidwa kuti ayi, pologalamu iime pomwepo. Cholinga chake n'kufupikitsa mtunda wa pakati pa kulakwa ndi kugwa. Mtundawo unali maola angapo, iye akufuna ukhale mzere umodzi.

Amachitanso kanthu kena kamene ndimakakonda kwambiri chifukwa n'kotchipa. Amachepetsa timabokosi toyambira kuchoka pa mazana kufika pa tiwiri. Nthawi zina amasintha kasamu kaja kuti kazibweza nambala imodzimodzi pa kiyi iliyonse. Tebulo lotere n'lachabechabe pa liwiro, koma zinthu zimene pa tebulo labwino zimachitika mwa apo ndi apo, monga makiyi atatu kugwera malo amodzi kapena tebulo kudzaza n'kufuna kukula, apa zimachitika pa kiyi yachitatu kapena yachinayi. Vuto limene limadikira tsiku lotanganidwa la kumapeto kwa mwezi limabwera m'sekondi imodzi, ndipo limabwera nthawi iliyonse ukaliitana.

Kafankishoni kaja kakuwa pa kukulitsa koyamba. Tebulo likadzaza, pamakonzedwa timabokosi tatsopano, kawirikawiri kuwirikiza kawiri, ndipo node iliyonse imasamutsidwa. Wolemba anayenda pa tcheni chakale motere: tenga node, lozetsa n->next wake ku zimene zili kale m'kabokosi katsopano, ika node patsogolo, pita kwa n->next. Taonani pamene papunthwitsa. Pofika pa sitepe yomaliza n->next wasinthidwa kale. Kabokosi katsopano kanali kopanda kanthu, ndiye n->next tsopano ndi NULL, ndipo ulendo ukuganiza kuti tcheni chatha. Ma node onse amene anali kumbuyo atsala m'memory popanda wowaloza. NULL wa kabokosi kopanda kanthu wawerengedwa ngati NULL wa mapeto a tcheni, ndipo patapita maola wadzatulukira ngati NULL wa mulibe. Mankhwala ake ndi mzere umodzi: sunga adiresi ya node yotsatira pambali usanagwire pointer. Mzere umene pologalamu inafera suukhudzidwa n'komwe.

Kusamutsa kumeneku n'kovuta moti amisiri aakulu amakupatsa ulemu wapadera. Redis, imene Salvatore Sanfilippo anayamba mu 2009, siisamutsa zonse nthawi imodzi poopa kuimitsa ntchito. Imasunga matebulo awiri, lakale ndi latsopano, n'kumasamutsa pang'onopang'ono pamene ikugwira ntchito zina, ndipo kabokosi kalikonse kosamutsidwa kamasiyidwa NULL. Pa nthawi yonseyo kupeza NULL m'tebulo lakale sikutanthauza kuti mulibe, ndipo khodi yofufuza imayang'ananso m'latsopano isanayankhe.

Si nthawi zonse pamene mafunso otere amagwira wolakwa. Pena ukudziwa kuti pointer inayake inali bwino ndipo tsopano ndi ziro, koma sudziwa dzanja limene linalemba. Mapurosesa a x86 ali ndi malo anayi apadera olondera ma adiresi, ndipo lamulo la watch mu gdb limagwiritsa ntchito amenewo: umauza purosesa kuti aliyense akalemba pano, ima. Chovuta n'choti uyenera kudziwa adiresi ngozi isanachitike, pamene ma adiresi angasinthe ulendo ndi ulendo. Chida cha rr, chimene Robert O'Callahan ndi anzake anapanga ku Mozilla, chinathetsa zimenezi m'njira imene imandidabwitsabe. Chimajambula ulendo wonse wa pologalamu, n'kuubwereza ndendende, ma adiresi omwewo, dongosolo lomwelo. Umafika pangozi, umaika mlonda pa pointer yakufayo, umalemba reverse-continue, ndipo pologalamu imayenda chobwerera m'mbuyo mpaka kuima pa mzere umene unalemba ziro. Ntchito imene kale imadya masiku yasanduka ya malamulo atatu. Komabe chidachi chimayankha funso lokhalo limene wachifunsa, ndipo kudziwa pointer yoyenera kuilondera kumachokerabe m'mutu mwa munthu.

Pali NULL wina wonyenga kuposa onse, amene amabadwa node itafa kale. Ukabweza memory ndi free, glibc, laibulale ya C ya pa Linux, siisiya malowo ali chete. Kuyambira mu 2017, pa glibc 2.26, timalo ting'onoting'ono tobwezedwa timasungidwa pa mndandanda wapadera wotchedwa tcache, ndipo ma byte 8 oyambirira a kamaloko amalembedwa adiresi ya kamalo kotsatira. Ngati palibe kotsatira, m'mitundu ya glibc ya 2.32 isanafike mumalembedwa ziro. Ma byte 8 oyambirirawo, m'node yathu ija, ndi pointer ya kiyi. Ndiye ngati wina anachotsa node koma tcheni chikuilozabe, wofufuza amapeza node yooneka yamoyo imene kiyi yake ndi NULL, ndipo pologalamu imafera mkati mwa strcmp, fankishoni yofanizira makiyi, m'khodi ya laibulale imene ilibe vuto lililonse. Woika if apa wabisa chinthu choopsa, chifukwa mawa kamalo kameneko kadzapatsidwa kwa wina. Mmisiri akaona NULL pamalo pamene khodi yake siilembapo NULL, amamanganso pologalamu ndi -fsanitize=address. AddressSanitizer, imene akatswiri a ku Google anaionetsa mu 2012, imachedwetsa pologalamu pafupifupi kawiri basi, ndipo imanena malo atatu: pamene memory yagwiridwa, pamene inabwezedwa, ndi pamene inapemphedwa.

Mnzake wa vutoli ndi NULL amene amayembekezeka koma sanabwere. Timabokosi tatsopano tiyenera kuyamba tili ziro, ndipo calloc amatsimikiza zimenezo pamene malloc satero, realloc nayenso sayeretsa gawo lowonjezera. Choipa n'choti memory imene yangochokera ku Linux imabwera ili ziro kale, ndiye pologalamu yolakwa imakhoza mayeso onse aafupi n'kudzafa itagwira ntchito kwa nthawi, pamene malloc wayamba kubweza malo ogwiritsidwapo ntchito. Valgrind ya Julian Seward, imene inatuluka mu 2002, imachedwetsa pologalamu kuposa kakhumi, koma imakumbukira byte iliyonse ngati inalembedwapo kapena ayi, ndipo imagwira vutoli ngakhale pa tsiku limene mwayi unali kumbali yako.

Ndipo pali kiyi imene ilimo koma mulibe. Ife olemba Chichewa tiyenera kuidziwa bwino. Chilembo cha ŵ, chimene ena amalemba m'dzina la Malaŵi, chingasungidwe m'njira ziwiri: ngati chilembo chimodzi cha ma byte awiri, C5 B5, kapena ngati w wamba wotsatiridwa ndi kachipewa kake payekha, 77 CC 82. Pa sikirini n'zofanana. Kwa hash table ndi makiyi awiri osiyana, ogwera m'timabokosi tosiyana. Dzina linalowa kuchokera pa kiyibodi ina, lafunsidwa kuchokera m'fayilo ina, yankho NULL. Munthu akhoza kuyang'ana mayina awiriwo tsiku lonse osaona kusiyana. Mmisiri sakhulupirira maso ake pa zilembo, amauza gdb kuti imuonetse ma byte.

Tony Hoare, amene anaika null m'chinenero cha ALGOL W mu 1965, ananena poyera ku London mu 2009 kuti chimenecho chinali cholakwa chodya madola biliyoni. Zinenero zatsopano monga Rust zinamumvera, ndipo zimakukakamiza kuganiza za yankho loti mulibe pologalamu isanamangidwe. Koma Linux, Redis, SQLite ndi khodi ya m'zipangizo zambiri zimene tili nazo m'manja zinalembedwa mu C, ndipo amisiri ake anaphunzira kukonza khodi kuti NULL akhale ndi malo ochepa obisalamo.

Chitsanzo chimene Linus Torvalds anaonetsa pa msonkhano wa TED mu 2016 n'cha kuchotsa node pa tcheni. Njira imene ambiri amaphunzitsidwa imasunga pointer ya node yam'mbuyo, kuti ilumikizidwe ndi yakutsogolo. Koma node yoyamba ilibe yam'mbuyo, pointer imeneyo ndi NULL, ndipo woiwala kuisamalira payokha amalandira segfault at 10 ndi error 6. M'hash table yabwino matcheni ndi aafupi, choncho node yoyambayo ndi imene imachotsedwa kawirikawiri. Njira ya Torvalds siisunga node yam'mbuyo. Imasunga adiresi ya pointer imene ikuloza node yomwe uli nayo, kaya pointer imeneyo ili m'kabokosi kapena m'node ina. Ukapeza yochotsa, umalemba pa adiresiyo, basi. Sanawonjezere funso lina loteteza ku NULL, anasintha kayendedwe kuti NULL ameneyo asabadwe.

Nzeru yomweyo ili m'matcheni a ma hash table a mkati mwa Linux, otchedwa hlist, mmene node iliyonse imasunga adiresi ya pointer yoiloza. Ndipo olemba ake anaganiziranso mnzawo wodzasaka vuto m'tsogolo, amene mwina sadzakumana naye n'komwe. Node ikachotsedwa ndi hlist_del, ma pointer ake salembedwa ziro, chifukwa ziro akanasokonezeka ndi mapeto a tcheni ndipo woyenda akanangoima osadziwa kuti waponda pa node yakufa. Amalembedwa manambala osankhidwa dala, amene pa x86 ya 64-bit ndi dead000000000100 ndi dead000000000122. Palibe memory pa ma adiresi amenewo, ndiye wowatsata amagwa nthawi yomweyo. Wowerenga lipoti la ngoziyo amaona zilembo zinayi zoyambirira n'kudziwa kuti node inachotsedwa kale, amaona manambala atatu omaliza n'kudziwa ngati amapita kutsogolo kapena amabwerera m'mbuyo, ndipo amapita kukafufuza amene anachotsa node pamene mnzake anali akuigwirabe.